KUTHAMANGA SI KUFIKA

Mau awa anakambidwa pa wailesi m'Cinyanja ndi mmisiri wina wokonza magalimoto ku Kitwe. Tawasindikiza pano kuti iwo amene anali ku shifiti ya usiku naonso awawerenge.

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za magalimoto aliwiro, aja afupiafupi ndi olira mokweza, amene akamapita pa mseu ana amasiya mpira nayamba kuwaloza. Za kukongola kwao sindinenapo kanthu, pakuti maso muli nao. Ndifuna kukamba za cimene maso saona, ndico injini. Kodi nciani cimene cimaipatsa moyo wautali, ndipo nciani cimene cimaipha isanakalambe?

Wandicititsa kusankha nkhani iyi ndi mnyamata wina wa ku Wusakile, amene dzina lace sindilichula. Iyeyu anagwira nchito pansi pa mgodi zaka 12, ndipo pamene nchito inatha analandira ndarama zace zonse pamodzi. Mkazi wace anati agule malo, amange nyumba. Iye anagula galimoto yofiira yocokera ku Japan, yoyendapo kale, imene anali kuilakalaka kuyambira ali mwana wa sukulu. Inamkondweretsa miyezi isanu. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa liri pamutu, ali pa mseu wa ku Ndola, anaona singano yosonyeza kutentha iri kukwera. Mumtima mwace anati, "Ndiyambe ndafika, madzi ndikathira komweko." Sanafike. Galimotoyo inabwera kwa ine yokokedwa ndi cingwe, ndipo nditamasula injini ndinapeza mutu wace utapindika, gasiketi itapsa, ndi mapisitoni awiri atakanirira m'masilinda. Mtengo wokonzera unaposa ndarama zimene zinamtsalira. Lero galimotoyo iri pa njerwa kuseri kwa nyumba ya lendi, ndipo nkhuku zimaikira mazira pa mpando wace.

Tsiku lija anandifunsa nati, "Amisiri, kodi anandinyenga? Anthu amati magalimoto awa ndi olimba koposa onse." Ndinamyankha mwacidule, pakuti anali ndi cisoni cacikulu. Yankho lonse ndi ili ndikupatsani tsopano, kuti wina amene ali kuwerengera ndarama zace za penshoni alimve asanagule.

CIMENE CIMACITIKA M'KATI MWA INJINI

Tiyambe tayang'ana m'kati. Injini iri ndi mabowo osalala ochedwa masilinda, ndipo m'silinda iri yonse muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika monga munsi mu mtondo. Petulo wosanganiza ndi mpweya amayaka pamwamba pa pisitoni naikankhira pansi, ndipo pisitoniyo imazunguza citsulo cacikulu ca pansi cimene amisiri timaciti kiranki. Mphamvu yonse yoyendetsa magudumu imacokera pamenepo.

Galimoto wamba ikamayenda bwinobwino pa mseu wa tara, kiranki yace imazungulira ka 2,500 kapena ka 3,000 pa mphindi imodzi. Galimoto yaliwiro mukaiponda kwambiri imafika ka 6,000, ndipo zina zimapitirira pamenepo. Taganizani, abale. Ka 6,000 pa mphindi ndiko kunena ka 100 pa sekondi imodzi. Ndipo popeza pisitoni imaima pamwamba niimanso pansi pa kuzungulira kuli konse, ndiye kuti imaima ndi kubwerera ka 200 inu musanathe kuchula dzina lanu. Palinso lamulo limene ophunzira za makina analipeza. Mukawirikiza liwiro la injini kawiri, mphamvu imene imakoka ndi kukankha zitsulo pa kuima ndi kubwerera kuja siiwirikiza kawiri iai, koma kanai.

Nanga nciani cimene cimaletsa zitsulo zotere kudyana? Ndi oilo yekha. Pakati pa kiranki ndi mabeyaringi ace pamakhala kaoilo kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo citsulo cimayandama pa kaoilo kameneko osakhudza cinzace. Oilo akacepa, akatentha kopitirira, kapena akada ndi litsiro, zitsulo zimakhudzana. Ndipo pa liwiro lotere masekondi owerengeka akwanira kuononga injini.

Kenaka pali kutentha. Mwa mphamvu yonse iri m'petulo, gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena locepera apo, ndilo limafika ku magudumu. Yotsalayo imasanduka kutentha: kwina kumatuluka ndi utsi, kwina kumatengedwa ndi madzi kupita ku radiyeta. Injini yamphamvu imadya petulo wambiri, cotero kutentha kwacenso ndi kwakukulu, pamene mphuno ya galimoto yaliwiro ndi yopapatiza, yosalola mphepo yambiri kulowa.

Inu a ku migodi mudziwa bwino makina okhalitsa. Mapampu a ku Konkola, ku Chililabombwe, amatulutsa madzi oposa malita mamiliyoni 300 tsiku liri lonse, usana ndi usiku, caka ndi caka. Makina otere amakhalitsa cifukwa sapatsidwa katundu wofika pa malire a mphamvu yao, ndiponso cifukwa mafitala amawayendera kawirikawiri. Pakati pa nchito imene makina agwira ndi nchito imene ingawaphe pamatsala mpata. Mau awa muwasunge, pakuti ndiwo mutu wa nkhani yanga: moyo wa injini uli mu mpata umenewo. M'galimoto wamba mpatawo ndi waukulu, kotero kuti mwini wace angathe kulakwa kambiri injini osafa. M'galimoto yaliwiro mpatawo ndi waung'ono, pakuti opanga anaucepetsa dala kuti apeze liwiro.

PHUNZIRO LA KU LE MANS

Kuti muone kuti ngakhale akatswiri amapunthwa pa mwala womwewu, tiyeni ku France. Ku mzinda wa Le Mans kuli mpikisano umene unayamba m'caka ca 1923. Magalimoto amathamanga maora 24 osalekeza, kuyambira Loweruka madzulo kufikira Lamulungu madzulo, ndipo wopambana ndi iye amene wayenda mtunda wautali koposa. Oyambitsa mpikisanowu anafuna kuyesa kulimba kwa magalimoto, osati liwiro lokha.

M'caka ca 1951 anapambana a Jaguar a ku England. Caka cotsatira, 1952, a Jaguar anacita mantha ndi liwiro la magalimoto a Mercedes-Benz a ku Germany. Patatsala milungu yowerengeka anasintha thupi la magalimoto ao: anatsitsa mphuno kuti iboole mphepo bwino, nasinthanso makonzedwe a madzi oziziritsa injini, koma nthawi yoyesa bwino zonsezi analibe. Anabwera ndi magalimoto atatu. Onse atatu analeka patangopita maora owerengeka, awiri mwa iwo cifukwa ca kutentha kwa injini. Mtundu wa injini unali womwe uja unapambana caka ca m'mbuyo. Cinacepa ndi mpata.

Mu mpikisano womwewo munali munthu wa ku France, Pierre Levegh, woyendetsa Talbot-Lago. Iyeyu sanapatse mnzace ciongolero, nayendetsa yekha maora pafupifupi 23. Anali patsogolo pa onse, koma patatsala ngati ora limodzi injini yace inathyoka. Anapambana ndi Hermann Lang ndi Fritz Riess a Mercedes-Benz, amene galimoto yao inapirira kufikira kumapeto. Akulu sananame ponena kuti kuthamanga si kufika.

Koma imvani mbali ina ya nkhaniyi. M'mwezi wa Ogasiti caka comweco, pa bwalo la Montlhéry pafupi ndi Paris, galimoto ya Jaguar yochedwa XK120 inathamanga masiku 7, usana ndi usiku, kungoima pothira mafuta, posintha matayala ndi oyendetsa, ndi pokonza zofunika. Oyendetsa anali anai, mmodzi wa iwo Stirling Moss. Inayenda mailosi 16,851, ndiwo makilomita oposa 27,000, pa liwiro la mailosi oposa 100 pa ora. Mtunda umenewo uli ngati kuyenda pakati pa Kitwe ndi Ndola ka 400 ndi kupitirira, m'mlungu umodzi wokha. Injini yace inali ya mtundu womwe uja unacita manyazi ku Le Mans miyezi iwiri m'mbuyomo. Injini imeneyi inaonekera koyamba mu 1948 nipangidwabe kufikira 1992, ndipo inaikidwa ngakhale m'magalimoto ozimitsa moto ndi m'akasinja ang'ono a asilikali. Ku Le Mans nako a Jaguar anabwerera ku mphuno yakale napambana mu 1953, napambananso mu 1955, 1956 ndi 1957. Cotero injini imodzimodziyo ingathe kufa m'maora atatu kapena kupirira mlungu wathunthu. Kusiyana kwace kuli pa madzi, pa oilo, ndi pa kukonzekera.

Musayese kuti izi ndi za kale lokha. Mu 2016 galimoto ya Toyota inali patsogolo ku Le Mans kufikira patatsala mphindi zocepa kuti maora 24 akwane, pamenepo inaima pamaso pa khamu lonse. Cinalakwika sicinali pisitoni kapena kiranki, koma polumikizira paipi ya mpweya. Porsche inapitirira nipambana. Kanthu kakang'ono kanagwetsa nchito ya caka cathunthu, ndipo a Toyota analindira kufikira 2018 kuti apambane.

PA MISEU YA KUNO KU AFRICA

Wina adzati, "Miseu ya ku France ndi yosalala, tiuzeni za kwathu." Cabwino. M'caka ca 1953 ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika kunayamba mpikisano wa Safari, wodzera m'miseu ya pfumbi ndi matope, umene pambuyo pace unali kucitika nthawi ya Pasaka, mvula iri kugwa. Mu 1963 ananyamuka magalimoto 84, koma ofika anali 7 okha, ndipo woyamba anali Nick Nowicki pa Peugeot 404, galimoto ya banja ya zitseko zinai. Mu 1965 abale awiri a ku Kenya, Joginder Singh ndi Jaswant Singh, anapambana ndi Volvo yoyendapo kale, imene inathamangapo Safari ya 1964 ndi kuyenda mailosi oposa 40,000. Iwo anaimasula naikonza cidutswa ndi cidutswa, nagonjetsa nayo magalimoto atsopano. Ukalamba wa galimoto si umene umaipha, ngati iri m'manja mwa anthu oidziwa.

Magalimoto aliwiro enieni naonso anayesa Safari. Porsche 911, yochuka pa miseu ya ku Ulaya, inakhala yaciwiri mu 1972, 1974 ndi 1978, koma m'zaka zimenezo siinapambane. Datsun 240Z ya ku Japan inapambana mu 1971 ndi 1973. Injini yace inali ya masilinda 6 ndi malita 2.4, yosabvuta kumasula, ndi yokhala ndi mpata wokwanira.

Dziko lathu nalo liri ndi mbiri pa masewera awa. Akuluakulu a kuno ku migodi akumbukira bwalo la mpikisano la Lawrence Allen ku Chingola, ndipo Satwant Singh wa Zambia anakhala katswiri wa Africa yense ka 8 pakati pa 1988 ndi 2000. Ulemu wotere suupeza ndi liwiro la tsiku limodzi. Uyenera kufika kumapeto kwa mipikisano yambiri, m'maiko osiyanasiyana. Ndipo pali cimene oonerera saona. Galimoto ya mpikisano ikangoima, amisiri amaizinga, wina kuyang'ana oilo, wina sefa, wina mapaipi a madzi. Mpikisano ukatha amaimasulanso. Mnyamata wa m'komboni amatsanzira woyendetsa uja, koma amisiri aja alibe.

ADANI A INJINI KUNO KWATHU

Tsopano tibwerere ku Kitwe ndi ku Ndola, tione adani atatu amene amadya mpata wa injini kuno.

Woyamba ndi kukwera kwa dziko lathu. Mizinda yathu iri mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka kuposa wa ku Dar es Salaam kumene magalimoto ambiri amatsikira m'sitima. Injini wamba imataya kuno ngati gawo limodzi mwa magawo 8 a mphamvu yace, cotero woyendetsa amaiponda koposa. Mpweya wopepuka umacotsanso kutentha kocepa pa radiyeta. Ndiponso madzi a m'poto, amene ku nyanja amawira pa madigiri 100, kuno amawira pa 96. Cimene cimaletsa madzi a m'injini kuwira ndi cibvundikiro ca radiyeta, cimene cimawapanikiza. Cibvundikiro cimeneco ndi cotsika mtengo, koma cikatha mphamvu injini yonse iri pa ngozi, makamaka m'mwezi wa Okutobala.

Magalimoto ambiri aliwiro a masiku ano ali ndi turbo, ndiko kacipangizo kozunguzidwa ndi utsi kamene kamakankhira mpweya wambiri m'injini. Kamazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi, ndipo kuno kumtunda kayenera kuzungulira koposa apo kuti kabweze mpweya wosowa uja. Moyo wace uli pa oilo woyera. Mukathamanga kwambiri, musazime injini pomwe mwafika. Ilekeni ilire pang'onopang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri kuti kazizire, pakuti mukazima msanga oilo amapserera m'kati mwace.

Mdani waciwiri ndi pfumbi. Pa lita imodzi ya petulo injini imameza mpweya wokwana malita pafupifupi 10,000. Ganizani mpweya wa m'miseu ya m'komboni kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba. Inu amene mumapita kukapimidwa cifuwa ku Kitwe mudziwa cimene pfumbi la mwala limacita m'mapapo a munthu: silipweteka tsiku lomwelo, koma limadya pang'onopang'ono. M'injini limacita cimodzimodzi. Likasanganizika ndi oilo limasanduka phala lonolera zitsulo, nilidya masilinda ndi maring'i a pisitoni kufikira galimoto iyamba kutulutsa utsi. Cocinjiriza cace ndi sefa ya mpweya. Ndimamva cisoni ndikaona anyamata acotsa sefa imene opanga anaika, naikapo ina ya mabowo akulu kuti galimoto izilira mokweza. Nzofanana ndi munthu wobowola mwala wouma wosabvala kanthu kumphuno.

Nthawi ya dzinja bvuto limasintha. Galimoto yaliwiro ndi yaifupi, ndipo pokokera mpweya pace pamakhala pansi. Mukaloŵetsa m'thamanda lakuya, injini imamwa madzi. Madzi sapanikizika monga mpweya, cotero mkono wa pisitoni umapindika nthawi yomweyo.

Mdani wacitatu ndife eni. Timagula oilo wa m'mabotolo osadziwika m'mbali mwa mseu. Timathira petulo wa m'zigubu, amene nthawi zina amakhala wosanganiza ndi parafini, pamene injini yaliwiro imafuna petulo wabwino koposa. Ikapatsidwa wosayenera imagogoda m'kati, ndipo kugogodako kumaphwanya mapisitoni. Timadzaza radiyeta ndi madzi a m'citsime, amene amasiya dzimbiri ndi zokakamira m'timapaipi tace, m'malo mwa mankhwala ace oyenera. Timacotsa thermostat poganiza kuti ndi ya ku maiko ozizira okha, osadziwa kuti ndiyo imathandiza injini kufunda msanga ndi kukhala pa kutentha koyenera. M'mawa wa mwezi wa Juni timaliza injini mwamphamvu oilo asanafunde ndi kufika ponseponse. Ndipo timaiwala lamba wa taimingi, amene akaduka pa injini zambiri zotere mapisitoni amaomba mavavu.

GALIMOTO IMENE INAKALAMBA NDI MWINI WACE

Kuti musaganize kuti galimoto yokongola iri yonse imafa msanga, imvani za mphunzitsi wina wa ku New York ku America, dzina lace Irv Gordon. M'caka ca 1966 anagula Volvo P1800 yatsopano, galimoto yofiira ya zitseko ziwiri. Anakwanitsa nayo mailosi miliyoni imodzi mu 1987, mamiliyoni awiri mu 2002, ndi mamiliyoni atatu mu 2013. Mtunda umenewo uli ngati kuzungulira dziko lonse lapansi ka 120. Anamwalira mu 2018 galimotoyo ikali kuyenda.

Panalibe mankhwala. Injini yace inali ya masilinda anai ndi malita 1.8, yosapanikizidwa kwambiri, ndiko kunena kuti inali ndi mpata waukulu. Maulendo ace anali atali, injini iri yofunda bwino, osati kungoliza ndi kuzima. Anasintha oilo pa nthawi yace osalumpha, natsata buku la opanga. Ndipo injiniyo inamasulidwa ndi kukonzedwa kangapo pa zaka zonsezo, pakuti palibe citsulo cosatha. Munthuyu anakhalitsa ndi galimoto yace cifukwa anaisamala monga mlimi asamala ng'ombe yolimira.

KWA IYE AMENE AFUNA KUGULA

Sindikuletsani kugula cimene mtima wanu ufuna. Ndarama ndi zanu, ndipo munazikhetsera thukuta. Koma ndiri ndi malangizo asanu.

Coyamba, funsani mbiri ya galimotoyo. Utoto usakunyengeni, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani ndi mmisiri wanu, osati wa wogulitsa. Muione iri kulizidwa m'mawa, injini iri yozizira. Utsi wobiriwira usonyeza kuti iri kudya oilo. Utsi woyera wosatha usonyeza kuti madzi ali kulowa m'masilinda. Tsegulani pothirira oilo: mukaona zoyera ngati mkaka wosasa, cenjerani. Mmisiri apime mphamvu ya silinda iri yonse ndi cipangizo cace. Kumbukirani kuti munthu wogula galimoto yaliwiro amaigulira kuthamanga, cotero mwini wace woyamba sanaiyendetse ngati ngolo.

Caciwiri, musanapereke ndarama, yendani m'masitolo a zitsulo ku Ndola ndi ku Kitwe, mufunse mtengo wa gasiketi, pampu ya madzi, lamba wa taimingi ndi turbo za galimoto imeneyo. Mukamva kuti ziyenera kuitanitsidwa kunja, dziwani kuti tsiku lina idzakhala miyezi pa njerwa.

Cacitatu, werengerani. Ngati ndarama zanu zonse zithera pa kugula, ndiye kuti galimotoyo simungaikwanitse. Oilo wace ndi wodula, matayala ace ndi odula, ndipo m'dziko la pfumbi muyenera kusintha oilo ndi masefa msanga kuposa eni ace a ku Japan kapena ku Ulaya. Mabuku a opanga amanena comweco za miseu ya pfumbi. Walira mvula walira matope. Ndipo inu amai, nkhani iyi ndi yanunso, pakuti ndarama za penshoni ndi za banja lonse.

Cacinai, mverani singano ndi nyali. Singano ya kutentha ikakwera, imani pambali nimuzime injini. Musatsegule radiyeta iri yotentha, pakuti madzi ace adzakupsereza nkhope. Nyali yofiira ya oilo ikayaka muli kuyenda, zimani nthawi yomweyo. Kulipira wokukokani ndi kwapafupi kuposa kugula injini.

Cacisanu, taganizani cimene liwiro limakupatsani. Kucokera ku Kitwe kufika ku Ndola ndi makilomita ngati 64. Pa liwiro la 100 mufika m'mphindi 38. Pa liwiro la 150 mufika m'mphindi 26, ngati mufika. Mwapindula mphindi 12 zokha, koma mwazunza injini, mwalakwira lamulo, ndipo mwaika pa ngozi ana a sukulu ndi amai ogulitsa m'mbali mwa mseu. Injini yakufa ndingathe kuidzutsa m'garaja mwanga. Munthu wakufa palibe mmisiri angamdzutse.

Nditsirize ndi mnyamata wa ku Wusakile uja. Pomasula galimoto yace ndinapeza sefa ya mpweya yong'ambika, thermostat itacotsedwa kale, radiyeta yodzala dzimbiri, ndi cibvundikiro cosagwira. Zonse zinai pamodzi mtengo wace sunafike pa mtengo wa matayala awiri. Opanga sanamnyenge, pakuti injini inali yabwino. Koma inafika kwa iye mpata wace utadyedwa kale, ndipo kotsalako anakatsiriza yekha tsiku lija anati ayambe wafika. Akadaima pa mthunzi theka la ora, bwenzi lero akali kuyenda.

Cotero, abale, mukamva galimoto iri kulira mokweza pa mseu, musafunse kuti ithamanga bwanji. Funsani kuti oilo anasinthidwa liti, ndipo madzi ace anayang'ana ndani. Amene muli kupita ku shifiti ya usiku, mugwire bwino nchito ndi kutuluka amoyo. Otsala nonse, gonani bwino.